Ulendo wa tenti kudzera ku Dedza, Mua ndi Salima: tigule zonse mu Lilongwe kapena tizigula m'njira?

Bambo_a_Tadala_A25:
Moni nonse abale anga a pa gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayendapo. Sukulu zikatsekera, ine ndi mayi akunyumba tikufuna kutenga ana athu atatu pa ulendo wa masiku asanu, ndipo tikufuna kumagona m'tenti chifukwa ndalama za nyumba zogona alendo sizingatikwanire, komanso anawa sanagonepo kunja kwa mzinda chibadwire. Tikuganiza zonyamuka ku Area 25 m'mamawa, kutsata M1 mpaka ku Dedza, kutsikira ku Golomoti, kukaona ku Mua, kenako kulowera ku Salima n'kubwerera kuno pa M14. Galimoto yathu ndi yaing'ono. Pali zinthu ziwiri zimene sitikumvana m'nyumba muno. Mayi akuti tigule zonse kuno, kuyambira ufa, tomato, madzi akumwa mpaka makala, kuti tisamaime m'njira n'kumavutitsa anthu. Ine ndikuona kuti zambiri zimene timagula mu msika wa Lilongwe zimachokera komweko kumene tikupita. Chachiwiri, kodi mdima ukakupeza pa kamsika kakang'ono pamene palibe malo a alendo, umayamba kufunsa ndani kuti umange tenti?

Nachisale_wa_Biwi:
Mayi akunyumbawo akunena zoona pa nkhani ya madzi yokha. Zina zonsezo mukagule m'njira.

Dalaivala_wa_M1:
Achimwene, msewu umenewu ndauyenda zaka zambiri pa lole, ndiye ndiyambe ndi za galimoto. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo pa Kalinyeke pali tollgate, choncho ndalama yake ikhale pafupi kuti musayambe kufukula m'zikwama anzanu akudikira kumbuyo. Mafuta thirani odzaza musanatuluke mu mzinda, ndipo paliponse pamene mwapeza petulo onjezerani ngakhale thanki isanafike pakati, chifukwa tonse tikudziwa mmene mafuta akhala akusowera zaka zino. Koma chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi Khwekhwelere. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndipo mukakhota pa Masasa mudzatsika phiri lonselo m'makona otsatizana. Galimoto yaing'ono yonyamula anthu asanu, thumba la ufa, makala ndi zigubu za madzi, mukamangoponda buleki kuyambira pamwamba, mabuleki amatentha n'kuyamba kununkha, kenako amasiya kugwira bwino. Ikani giya yaing'ono musanayambe kutsika, ndipo katundu akhale wochepa. Pa chifukwa chimenechi chokha ine ndili mbali yanu.

Nachisale_wa_Biwi:
Ndionjezere pa zimene ndinanena mwachidule zija. Ine ndimaoda ndiwo zamasamba kumeneko, ndiye ndikudziwa. Mukapitirira boma la Dedza mudzapeza amayi akugulitsa kachewere, kabichi, anyezi, tomato ndi nsawawa m'mbali mwa msewu, makamaka pokhotera ku Bembeke. Ngati muli ndi nthawi pitirirani pang'ono Masasa mukafike pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndiwo malire, mbali ina Malawi, mbali ina Mozambique, ndipo ana anu adzasangalala kuona anthu akungoolokera uku ndi uko ndi madengu awo. Kunyamula tomato kuchokera ku Lilongwe kupita naye ku Lizulu n'kumubweza kwawo. Chofunika n'chakuti musinthiretu ndalama. Tengani ma K500 ndi ma K1,000 ambiri, chifukwa mayi amene wayamba kugulitsa m'mawa sangakhale ndi chenji cha K5,000, ndipo amasiya malonda ake n'kuyamba kuzungulira kwa anzake. Airtel Money ndi Mpamba zilipo pafupifupi paliponse, koma ejenti wa pa kamsika kakang'ono nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira kukupatsani zambiri nthawi imodzi, makamaka tsiku lisanakhale la msika.

MphunzitsiWopuma:
Ine ndiyankhe funso lachiwiri, chifukwa ndilo lalikulu kuposa la tomato. M'Malawi muno mulibe malo opanda mwini. Ngakhale thengo looneka ngati palibe amene amapondapo lili pansi pa mfumu ina yake, ndipo mlendo amene wamanga tenti osaonekera kwa eni mudzi amakhala ngati munthu wolowa m'nyumba osanena kuti odi.

Ndisanapume ntchito ndinatenga ophunzira khumi ndi awiri a kalabu ya zachilengedwe kukaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006 ndipo ali ndi mapanga ndi miyala yojambulidwa 127. Tinachedwa m'njira chifukwa cha minibasi, ndipo dzuwa linatilowera pa mudzi wina umene sitinkaudziwa. Anyamata anga anaona kankhalango ka mitengo ikuluikulu kunja kwa mudziwo n'kunena kuti tikagone pamenepo, popeza panali potchingika mphepo komanso nkhuni zouma zinali mbwee. Ine ndinawaletsa, ndipo ndinapita pa mjigo pamene panali amayi atatu akutunga madzi. Nditawapatsa moni n'kufotokoza za ife, mmodzi anatuma mwana kukaitana nduna ya mfumu, ndipo nduna ija ndiyo inatiperekeza kwa anyakwawa. Tinakhala pansi, anatifunsa kumene tachokera ndi kumene tikupita, ndipo anatipatsa bwalo la pafupi ndi nyumba yawo yomwe. Tikunyamuka kuti tikamange matenti, anatiuza modekha kuti ana asayerekeze kukatola nkhuni m'kankhalango kaja chifukwa ndi kumanda, komanso ndi kumene kuli dambwe. Mitengo ija inatsala ikuluikulu chifukwa palibe amene amaidula. Tikanagona pamenepo, mlandu wake sukanatha ndi kupepesa kwa pakamwa.

Choncho bambo a Tadala, yambani ndi munthu woyamba wachikulire amene mwamupeza, kaya pa mjigo kaya pa golosale, ndipo mumupemphe kuti akulondolereni kwa amfumu. Fikani dzuwa lisanalowe, chifukwa mlendo wofika usiku amakayikitsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kawale_2:
Aphunzitsi, ndikulemekeza zimene mwanena, koma inu munali ndi anyamata khumi ndi awiri. Awa ali ndi mayi ndi ana ang'onoang'ono. Ine ndinagonapo pa mchenga m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi anzanga awiri, ndipo kutacha tinapeza nsapato, mbaula ndi chigubu zimene tinasiya kunja kwa tenti zapita. Ku Senga Bay kuli malo olipira amene amalola matenti, okhala ndi mlonda, chimbudzi ndi bafa. Kulipira kumeneko n'kwabwino kusiyana n'kudalira chifundo cha anthu osawadziwa.

MphunzitsiWopuma:
Pa mchengapo munapempha kwa ndani, mwana wanga?

Kawale_2:
Sitinapemphe kwa munthu. Tinkaona ngati gombe la nyanja ndi la aliyense.

Mwana_wa_Msodzi:
Achimwene a Kawale, pepani chifukwa cha katundu wanuyo, kuba n'koipa kulikonse. Koma ine ndinakulira kunyanja ndisanabwere ku Chinsapo, ndipo ndikuuzeni kuti gombe lili ndi eni. Pamene inu mukuona mchenga chabe, pali pokocheza bwato la uje, poyanika ukonde wa uje, ndi thandala loyanikapo usipa la mayi uje. Madoko ambiri ali ndi komiti ya pagombe imene imagwira ntchito ndi amfumu komanso a za nsomba. Mukanaonekera kwa wapampando wake, akanakuuzani pogona, ndipo anyamata onse a pa dokolo akanadziwa kuti alendo aja ndi a uje. Katundu wa mlendo wodziwika savuta kumulondola. Komabe pa nkhani ya ana ndikugwirizana nanu kuti usiku wa ku Senga Bay akagone pa malo olipira, chifukwa mwezi wa Ogasiti mwera umakhala ukuomba, ndipo tenti yomangidwa pa mtetete ikhoza kuzuka usiku.

Namwino_A18:
Ndiloleni ndilankhule monga munthu wa chipatala. Madzi akumwa a tsiku loyamba nyamulani, ndipo otsatirawo muzitunga pa mjigo, osati pa chitsime chosatetezedwa kapena m'nyanja. Ngakhale a pa mjigo athireni mankhwala a kolorini kapena awiritseni, chifukwa chigubu chimene mwatungiramo chikhoza kukhala chakuda. Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Tengani mapaketi a Thanzi ORS. Tengani masikito ngakhale tenti ili ndi zipi, chifukwa mwana amatsegula usiku kupita kukataya madzi n'kuiwala kutseka, ndipo malungo amayamba kuonekera patapita sabata kapena kuposerapo, inu mutabwerera kale ku Area 25. Mwana akatentha thupi nthawi imeneyo mukanene kuchipatala kuti munali kunyanja. Ana asasambe m'madzi odikha a m'mabango, muli nkhono zimene zimafalitsa likodzo, ndipo pa mathiriro a mitsinje monga Linthipe pamakhala ng'ona. Funsani amayi amene akuchapa pagombe, iwo amadziwa posamba ndi posasamba.

Mtandire_Weniweni:
Zonsezi n'zabwino, koma palibe amene wanena za mitengo. Ogulitsa a m'njira akangoona galimoto ya mu tawuni yaima, mtengo wa mulu wa tomato umakwera pomwepo. Chambo ku Salima anandiuza mtengo woposa wa mu Lilongwe. Munthu uyenera kunenerera mpaka atsitse ndi theka.

Nachisale_wa_Biwi:
Kunenerera ndi mwambo wa pamsika, ndipo ngakhale ine ndimanenerera pooda. Koma kutsitsa ndi theka pa mulu wa tomato wa mayi amene wathirira dimba miyezi itatu ndi kheni, wagula feteleza ndi mankhwala pa mtengo wa lero, n'kumulanda. Inu nomwe mukalowa mu shopu yaikulu mu City Centre mumalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Mukapereka moni kaye, n'kugula milu itatu kwa munthu mmodzi, basela amakuikirani yekha.

Mtandire_Weniweni:
Achemwali, pa tomato ndavomera. Pa chambo sindinavomere.

Mwana_wa_Msodzi:
Chambo chinachepa m'nyanja, achimwene, ndipo chochepacho amalonda a m'tawuni amachilimbirana chisanafike n'kumtunda komwe. Amene anakuuzani mtengowo mwina sanali msodzi, koma mnyamata wogula kwa msodzi n'kudzaima pa msewu. Mukafuna mtengo wabwino dzukani mbandakucha mupite pa doko pamene mabwato akukocheza, ndipo musaumirire chambo. Usipa wauwisi, utaka kapena kampango zimakoma bwino kwambiri pa moto, ndipo banja la anthu asanu likhuta osawononga ndalama zambiri. Poona nsomba yang'anani makha ake ngati ali ofiira ndi maso ngati sanachite mtambo.

Bambo_a_Tadala_A25:
Zikomo nonse, ndikulemba zonsezi mu kope. Koma tibwerere pang'ono ku funso langa. Tikafika kwa amfumu, kodi timapereka kanthu? Ndipo za makala bwanji?

MphunzitsiWopuma:
Mfumu yabwino sikuuzani mtengo, chifukwa simukugula malo. Koma munthu safika pa khomo la wamkulu chimanjamanja. Paketi ya shuga, mchere, sopo kapena kandalama kochepa koperekedwa kudzera kwa nduna ndi manja awiri n'kokwanira, ndipo ndi bwino kupereka m'mawa potsanzika, kuti zioneke kuti ndi kuthokoza. Musaiwale amayi a pakhomopo, chifukwa ndiwo amene adzakupatsani madzi osamba ndi kukuonetsani chimbudzi. Zinyalala zanu zonse, makamaka majumbo ndi mabotolo, mubwerere nazo. Ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakupeza, ndipo msewu umenewu mudzaudutsanso.

Dalaivala_wa_M1:
Makala musagule thumba lalikulu m'mbali mwa msewu. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo amalandidwa pa rodibuloko. Ngati muli ndi kasilinda ka gasi tengani kameneko, kamaphika msanga ndiponso sikadetsa galimoto.

Ndinenenso za masamba. Mukasiya tala n'kulowa misewu ya fumbi, mukaona nthambi zaziwisi zaikidwa pa msewu, dziwani kuti pali maliro. Chepetsani liwiro, zimitsani wailesi, ndipo chipewa chivulidwe mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Tsiku lina chakumadzulo ndikuchokera kotsitsa feteleza cha ku Mtakataka ndinapeza masamba otere, ndipo popeza gulu linali litadzaza msewu, ndinaimitsa lole n'kutsika kukakhala pansi ndi abambo. Ndinapereka kachipepeso kochepa kwa amfumu monga mlendo wodutsa. Patapita miyezi ingapo, lole yomweyo inandithyokera sipuling'i pafupi ndi mudzi womwewo nthawi ya mvula. Bambo wina wachikulire amene ine sindinamukumbukire anandizindikira, anatuma mwana wake pa njinga kukaitana wowotcherera, ndipo usiku umenewo ndinadya nsima ya nkhwani wotendera pakhomo pawo, anyamata awiri akulondera katundu mpaka kucha. Anandiuza kuti maliro aja anali a mlongo wake.

NaBanda_Chilinde:
Nkhani ya adalaivalayi yandikumbutsa yathu. Ine ndi abambo akunyumba tinagona m'tenti pa bwalo la tchalitchi china pakati pa Golomoti ndi Chipoka, abusa atatilola. Cha m'ma 1 koloko usiku tinamva kuodira kunja. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinagwira abambo dzanja kuti asatsegule. Koma mawu anali a abusa omwewo, ali ndi gogo wina wamkazi atanyamula tochi. Mdzukulu wa gogoyo anali atayamba matenda a uchembere, wa kabaza amene ankamudalira foni yake sinkapezeka, ndipo galimoto yokhayo m'mudzi monse usiku umenewo inali yathu. Tinatsitsa katundu yense pansi, abambo anayendetsa, ine ndinakhala kumbuyo ndi mtsikanayo ndi gogo, ndipo tinafika pa chipatala chaching'ono nthawi ikadalipo. Katundu tinamusiya pa mtetete, koma pobwera tinapeza amayi a mumpingo amulowetsa m'tchalitchi n'kukhala pakhomo. Mwanayo anabadwa wamkazi. Ndikunena izi chifukwa a Kawale analankhula za kudalira chifundo cha anthu osawadziwa, pamene usiku umenewo iwo ndiwo anadalira ife. Bambo a Tadala, muwauze mayi kuti kuima m'njira si kuvutitsa anthu ayi.

Kawale_2:
Mayi NaBanda, nkhani yanu yandikhudza. Komabe ndikuumirira kuti amene ali ndi ana asagone paliponse pamene apeza. Bwalo la tchalitchi, la mzikiti kapena la sukulu ndi chilolezo cha eni ake, pamenepo ndilibe mawu.

MphunzitsiWopuma:
Pamenepo tagwirizana, mwana wanga. Ndionjezere za ku Mua kuti anawo akapite akudziwa kumene akupita. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo malo a chikhalidwe a KuNgoni anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Mupatule theka la tsiku, musangodutsa. Koma anawo muwalangize kuti zimene aona m'nyumba imeneyo ndi zina, gule amene angakumane naye pa msewu ndi wina. Akakumana ndi chilombo apatuke, asachiloze chala, ndipo foni isatuluke kujambula popanda kupempha kwa amene akuchiperekeza.

Bambo_a_Tadala_A25:
Abale anga, tabwerako dzulo madzulo, tonse tili bwino. Ufa, mafuta ophikira ndi madzi a tsiku loyamba tinatenga kuno monga anafunira mayi, ndiwo zonse tinagula m'njira. Ku Dedza kunazizira kwambiri moti ana anagona atavala majuzi awiriawiri. Khwekhwelere tinatsika pa giya yaing'ono, ndipo tinaima pamene anyamata amagulitsa tinjinga ndi timagalimoto tosema, Tadala anagula kanjinga ndi ndalama yake. Usiku wachiwiri tinapempha malo monga munatilangizira aphunzitsi, ndipo anyakwawa anatipatsa pafupi ndi sukulu. Usiku wa ku Senga Bay tinalipira.

Koma ndabwera ndi pempho. Titadutsa Mtakataka tayala la kumbuyo linaphwa, ndipo nditatulutsa sipeya ndinapeza kuti sipanala yanga ya mawilo sikukwana pa manati. Bambo wina womata matayala pansi pa mtengo wa mango anabwera ndi yake, anatithandiza kusintha, anamata tayala lophwalo, ndipo atamva kuti tikadali ndi ulendo wa masiku awiri anati titenge sipanalayo tidzabweze pobwerera. Ine ndinavomera msanga, osakumbukira kuti tikubwerera njira ya M14. Ndazindikira lero pamene ndimatsitsa katundu. Munthuyo amadyera chida chimenechi, ndipo masiku atatu apita ali wopanda. Nambala yake sindinatenge. Kodi alipo amene akulowera ku Golomoti kapena ku Mua sabata ino? Ngati palibe ndikwera minibasi Loweruka.

Dalaivala_wa_M1:
Ndikupita ku Chipoka Lachinayi kudzera ku Golomoti. Bweretsani sipanalayo mawa madzulo cha ku Kanengo, ndikutumizirani uthenga wapadera wa pamene tikumane. Mundifotokozere bwino mtengo wa mangowo uli mbali iti ya msewu.

Bambo_a_Tadala_A25:
Uli kumanzere mukamapita ku Salima, moyang'anana ndi chigayo, ndipo pa nthambi yake apachikapo tayala lakale. Mayi akunyumba akonza paketi ya shuga ndi sipanala ina yatsopano kuti zipite limodzi. Ndifika cha m'ma 5 koloko.